Kalata yotseguka: musangowapatsa chiphaso, akhazikeni pansi muwalangize

Kwa a Registrar ndi mamembala a bungwe la Medical Council of Malawi, lomwe limalembetsa ndi kuyang'anira madokotala ndi ena opima odwala, akuluakulu a ku Unduna wa Zaumoyo, a DHO (akulu a zaumoyo m'boma) a ku Thyolo ndi ku Mulanje, komanso oyendetsa zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) m'maboma awiriwa.

Zikomo akuluakulu. Landirani moni wochokera kuno ku Luchenza, pamalire a Thyolo ndi Mulanje. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani ndipo ntchito mukuigwira ndi mphamvu. Ine ndine clinical officer wopuma pantchito. Unyamata wanga unathera m'zipatala zing'onozing'ono za kuno, ndipo pano anthu a kwathu anandisankha kukhala mu komiti ya chipatala chathu. Kalatayi ndikanatha kuiika mu envulopu n'kutumiza ku Lilongwe mwakachetechete, koma ndaona kuti ndi bwino ilembedwe poyera kuti odwala, magadiyani ndi achinyamata ongoyamba kumene ntchito aimve nawo, poti ndi iwowo amene nkhaniyi ikuwapweteka.

Dandaulo langa ndi ili. Wachinyamata akamaliza maphunziro, bungwe lanu limamulemba m'kaundula n'kumupatsa chiphaso monga lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la 1987 likunenera. Kuyambira tsiku limenelo sayini yake yalemera. Ikhoza kumangitsa munthu kapena kumumasula, kupezetsa wantchito malipiro kapena kumumanitsa. Koma ambiri mwa amene ndawaona akufika m'zipatala za kumidzi amabwera ndi chiphasocho m'chikwama popanda amene anawakhazika pansi n'kuwauza malamulo omwe awamanga kuyambira pamenepo. Malamulowo amakawadziwira tsiku loti wapolisi waima pakhomo kapena samani yafika. Kwathu kuno namwali satuluka asanalangizidwe ndi anamkungwi, ngakhale akhale wochenjera chotani. Nanga bwanji munthu amene tikumusiyira miyoyo ya midzi yathunthu?

Sindikunyoza sukulu zomwe zimawaphunzitsa ayi. Ana ochokera ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya Malamulo kwathu ku Makwasa amabwera akuidziwa ntchito, ndipo za khalidwe loyenera pantchito amalemberanso mayeso. Koma kukhoza mayeso n'kwina, kukhala wekha pachipatala Lachisanu madzulo mayi akulira pakhonde n'kwinanso. Dokotala wochokera ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, amayamba wakhala miyezi 18 pachipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, pomwe akathedwa nzeru amangocheuka n'kufunsa wamkulu. Koma munthu wa ku Thekerani, ku Muloza kapena ku Chambe akadwala, kawirikawiri amene amamupima ndi medical assistant wophunzira zaka ziwiri, kapena clinical officer wa zaka zitatu ndi chaka chimodzi choyeserera ntchito. Onsewa anthu amangowatcha adokotala. Onsewa ali m'kaundula wanu, ndipo onsewa mukhoza kuwalanda chiphaso. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 ku Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, ndipo ochuluka mwa iwo dokotala wa digiri amamuona mwa apo ndi apo. Malangizo a malamulo akathera kwa ochepa a m'tauni, ndiye kuti kuno sanafike.

Ndiyambe ndi nkhani imene imandisowetsa tulo. Pachipatala china chomwe sindichitchula dzina panafika mayi ndi mwana wa mchemwali wake, kamtsikana ka ku pulayimale, kamene kanagwiriridwa usiku wa Lachinayi. Anafika Lachisanu dzuwa litapendeka. Mnyamata amene anali pantchito anali watsopano, yunifolomu idakali mbuu. Anawamvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, kenako anati: "Amayi, nkhani ngati iyi sindingaigwire popanda kalata ya kupolisi. Pitani kaye mukatenge, apo ayi amene amangidwe ndine." Polisi ili kutali, ya kabaza panalibe, ndipo m'mawa mwake pamudzi panagwa maliro. Anabweranso Lolemba kalata ili m'manja. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo maolawo anali atatha Lamlungu usiku.

Mnyamatayo sanali wouma mtima. Iye ankati akutsata lamulo. Anamva kwa wina, amene nayenso anangomva kwa wina, kuti wogwiriridwa sapimidwa apolisi asanalembe. Palibe anamuuza kuti chithandizo chimayamba pompopompo, za kupolisi zimabwera pambuyo, ndiponso kuti mwana wotere ayenera kulumikizidwa ndi a Victim Support Unit ndi a zachisamaliro cha anthu. Kusadziwa lamulo kunamupatsa mantha, ndipo amene analipira manthawo ndi mwana uja.

Ndiye panabwera za lipoti. Analemba mizere iwiri basi, osatchula nthawi imene anapima, osafotokoza pamene panali mabala ndi mmene ankaonekera. Patapita miyezi anaitanidwa kukhoti la majisitireti. Woimbidwa mlandu atamufunsa kuti mabalawo anali mbali iti ndipo anali atsopano kapena akale, mnyamata uja anangoti maso papepala lake lomwe, thukuta lili kamukamu. Zimene munthu sunalembe tsiku lomwelo sungazikumbukire utaona odwala mazanamazana pakatipo. Palibe anamuuzapo kuti kapepala kameneko ndi umboni, kuti azilemba zimene waona ndi maso ake mwatsatanetsatane, ndipo zoti wolakwa ndani azisiyira khoti.

Nkhani ina ndi ya kuno kwathu kwenikweni, dziko la tiyi. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha milungu 4 pamalipiro onse ndi milungu 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola abweretse kalata yochokera kwa wachipatala wolembetsedwa. Ndiye kuti kapepala kamene mwana wathu amalemba mothamanga, mzere wa odwala utatulukira panja, ndi kamene kamagamula ngati banja lidye mwezi umenewo. Amapanikizidwa uku ndi uku. Uyu wabwera ndi nkhuku kukhwapa kuti amuwonjezere masiku poti akufuna akapalire kumunda. Uko bwana wina watumiza uthenga kuti anthu ake asamapatsidwe masiku ambiri tiyi akachuluka nyengo ya dzinja. Wachinyamata amene sanauzidwe kuti kalata yabodza ikhoza kumulanditsa chiphaso, ndiponso kuti bwana wa kampani alibe mawu pa zimene iye wapeza popima, amangogonjera amene wakuwa kwambiri.

Zovulala pantchito ndiye zimapweteka kuposa apa. Workers' Compensation Act, nalonso la 2000, limapereka chipukuta misozi kwa wovulala pantchito, ndipo kukula kwa ndalamazo kumatsamira pa zimene wachipatala walemba zokhudza kulumala kwake. Ndinaonapo buku la kuchipatala la bambo wina amene anadzitema ndi mpeni wodulira tiyi mpaka zala ziwiri zinauma osapindikanso. M'bukumo munangolembedwa kuti bala padzanja, lasokedwa, wapatsidwa panado ndi amoxicillin. Dzanja liti, osatchula. Zachitikira kuti ndipo akuchita chiyani, osatchula. Mitsempha inayesedwa kapena ayi, osatchula. Pamene bamboyo ankapita ku ofesi ya zantchito analibe chogwira. Wolembayo anasoka bwino ndithu, chipsera chake ndinachiona, koma sanadziwe kuti ntchito yake sinathere pa singano.

Za kusunga chinsinsi aliyense amaloweza kusukulu, koma mayesero ake a kumudzi sapezeka m'mabuku. Amene amabwera kudzafunsa zotsatira za magazi a munthu si mlendo. Ndi mwamuna wake, apongozi ake, abusa, nthawi zina a gulupu amene anakupezera nyumba yokhalamo. Mwana wochokera ku Mzimba kapena ku Dowa, amene sanazolowere n'komwe malowa, awakanize bwanji amfumu? Akanatha, akanadziwa kuti lamulo lokhudza HIV ndi Edzi la 2018 lili kumbuyo kwake, ndipo limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Wodziwa lamulo amakana mwaulemu: "Pepani amfumu, lamulo silindilola." Wosalidziwa amayankha chifukwa choopa kuoneka wamwano.

Palinso vuto limene ife akale sitinakumane nalo. Wachinyamata akasokonezeka ndi chilonda kapena zotupa zachilendo, amajambula pafoni n'kuponya pagulu la WhatsApp la anzake a kusukulu kuti amuthandize maganizo. Cholinga n'chabwino, ndipo kunena zoona nthawi zambiri ndi kokhako kumene angapeze uphungu. Koma nkhope ya wodwala ili pomwepo, dzina likuoneka pachikuto cha buku, ndipo chithunzi chikachoka pafoni sungachiitanitsenso.

Chilolezo cha wodwala nacho chasanduka mwambo wongodinda chala. Ambiri amaganiza kuti chala chikadindidwa ndiye kuti atetezeka, ngakhale mayiyo sanamve chimene akukamuchita. Enanso amabweza mayi wamkulu ndithu kuti akatenge kaye mwamuna wake kapena amalume ake asanamupatse njira yolera. Gender Equality Act ya 2013 imanena mosapita m'mbali kuti wachipatala apereke chithandizo cha kulera posayang'ana kuti munthuyo ali pabanja kapena wabwera ndi mwamuna wake, amufotokozere mokwanira, ndipo atenge chilolezo cholembedwa cha mwini wakeyo. Wophwanya zimenezi akhoza kulipitsidwa chindapusa ngakhalenso kulowa kundende. Ndi angati mwa ongoyamba ntchito amene anaonetsedwapo ndime imeneyi? Tonse tikukumbukira lipoti la ofesi ya Ombudsman la 2019 lokhudza amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma. Dziko linakwiya, ndipo linayeneradi kukwiya. Ine ndikanakonda mkwiyo uja ukanatifikitsa pa funso lakuti amene akuyamba ntchito lero akuuzidwa zotani za kufotokozera wodwala ndi kulemba zonse zimene amuchita.

Za malire a ntchito ndingokhudzapo pang'ono. Aliyense ali ndi zimene chiphaso chake chimamulola, zotsalazo atumize ku chipatala chachikulu. Papepala n'zosavuta. Koma mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu kuno, kunali madera omwe ambulansi sikanatha kufikako. Ngakhale chaka chabwinobwino, mvula ikagwa kumapiri a Thyolo galimoto imagona m'matope. Wachinyamata ayenera kudziwiratu chimene akuloledwa kuchita moyo ukakhala pachiswe, amene angamuimbire foni, ndi zimene alembe kuti mawa asadzaoneke ngati anachita mwamatama. N'chimodzimodzi ndi matenda ofunika kunenedwa msanga kwa akuluakulu monga Public Health Act ya 1948 imafunira. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matenda amenewa ukachedwa kunena tsiku limodzi amakhala atalowa kale mudzi wina.

Ndiye pali chiphaso chenichenicho. Ambiri akamaliza sukulu amadikira nthawi yaitali boma lisanawalembe ntchito. Podikirapo amagwira lokamu, yomwe ndi ganyu wa pachipatala, kapena amalembedwa ndi eni tizipatala toyima patokha ta m'misika ya m'mbali mwa msewu. Tambiri timathandiza anthu ndithu, sindikutinyoza. Koma alipo eni ake ena amene chomwe akufuna n'chakuti chiphaso cha mwanayo chikhale pakhoma, kwinaku iwo akugulitsa mankhwala osadziwika kochokera. Mwanayo sadziwa kuti chipatala choyima pachokha chimafunika chilolezo chakechake, kuti za mankhwala zili ndi bungwe lake la PMRA lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndiponso kuti oyendera akadzafika dzina limene lidzaipe ndi lake. Ena sadziwa n'komwe kuti chiphaso chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo pamafunika mapoyinti a CPD osonyeza kuti munthu akupitiriza kuphunzira. Nanga amene ali yekha pachipatala cha kuseri kwa phiri mapoyintiwo akawatenga kuti? Akachoka tsiku limodzi chitseko chimatsekedwa, odwala n'kubwerera kunyumba kapena kukagula mankhwala pagolosale.

Choncho akuluakulu, ndikupempha izi:

1. Aliyense wolandira chiphaso koyamba, kaya ndi dokotala, clinical officer, medical assistant kapena wa mano, asayambe kupima odwala payekha asanalangizidwe za malamulo. Malangizowo azichitikira m'boma limene watumizidwa, pa Thyolo boma ndi pa Mulanje boma, osati ku hotela ya kunyanja. Ndikudziwa kuti mawu akuti maphunziro akangotchulidwa ena amayamba kuwerengera alawansi, nkhani n'kufera pomwepo poti ndalama palibe. Komatu chipinda cha misonkhano chilipo pachipatala cha boma. Majisitireti alipo, a Victim Support Unit alipo, a ofesi ya zantchito ndi a zachisamaliro cha anthu alipo, onsewa pa boma pomwepo. Aitaneni adzayankhule okha. Ndipo achinyamatawo asadzangokhala chete kuonera zolemba pakhoma. Apatsidwe mafomu enieni, la lipoti la kupolisi, la tchuthi chodwala, la ovulala pantchito, la imfa, la chilolezo, alembe ndi dzanja lawo, kenako majisitireti awapanikize ndi mafunso monga zimakhalira kukhoti.

2. Bungwe lanu lili ndi buku la Code of Ethics and Professional Conduct. Tulutsaninso kabuku kolowa m'thumba la yunifolomu, kosonkhanitsa pamodzi ndime za malamulo ena onse ndatchulawa, kotinso munthu n'kukasunga pafoni n'kumawerenga popanda intaneti. Mawu opemphera chilolezo ndi ofotokozera wodwala ufulu wake akhalemo m'Chichewa, poti agogo a ku Goliati safunsidwa m'Chingerezi.

3. Chaka choyamba aliyense akhale ndi wamkulu wodziwika dzina amene angamuimbire ngakhale usiku, ndipo dzinalo lilembedwe pa kalata yomutumizira kuntchito. Opuma pantchito tilipo ambiri m'maboma awiriwa, tigwiritseni ntchito.

4. CPD ifike kumidzi. Misonkhano ya ogwira ntchito m'zigawo za boma ndi maphunziro a pafoni ziziwerengedwa mapoyinti, ndipo kukonzanso chiphaso kusamachititse munthu kutseka chipatala.

5. Pachipatala chilichonse, cha boma, cha mishoni, cha pa esiteti kapena choyima pachokha, chiphaso cha wopima chikhale pakhoma pooneka. Pambali pake pakhale chikwangwani cha m'Chichewa chonena kumene wodwala angakadandaule, kwa ombudsman wa pachipatala ndi kwa inu a Medical Council, pamodzi ndi nambala ya foni imene imayankhidwa. Anthu wamba ambiri kuno dzina la bungwe lanu sanalimvepo. Akalakwiridwa amathamangira pa Facebook kapena amasonkhana pageti atakwiya, ndipo amene amathawa usiku ndi wachinyamata yemwe uja, chipatala n'kutsala chopanda wopima.

6. Wachinyamata akafika pamaso panu ndi mlandu, mulangeni ngati walakwadi. Sindikupempha kuti wakuba mankhwala kapena wogona ndi odwala amveredwe chisoni. Koma muzifunsanso kuti anamulangiza ndani, liti, ndipo amene anamutumiza kumudzi yekhayekha ayankhepo naye. Milandu imene mwaweruza kale muichotse maina n'kuigawira ongoyamba ntchito kuti aziphunzirirapo.

Ife a makomiti a zipatala timakumana ndi anthu m'midzi, ndipo yankho lanu tidzawawerengera mmene mwalilembera. Ngati zina mwa izi mukuchita kale, tiuzeni tsiku ndi malo a malangizo otsatira m'maboma athu. Tidzaonetsetsa kuti achinyamata a pazipatala zathu apitako, ndipo tidzauza mafumu alengeze kuti odwala adziwiretu za tsikulo.

Ine wanu mwaulemu,

Clinical officer wopuma pantchito
Luchenza